A Yotamu Atola Veluveti m'Nkhalango

Tsitsani zikwama zanuzo, ana inu, mukhale kaye pa mthunzi wa muwangawu. Nkhalango sithawa. Musanalowe ndikuuzeni za mwambi wina umene unabadwira m'mitengo yomweyi. Chiyambi chake chinali chonchi.

Kunali bambo wina, a Yotamu Kachingwe, telala wa ku Limbe. Anabadwira m'tauni, nakulira pa khonde la sitolo phazi lili pa makina. Nsalu ankazidziwa ngati ana awo. Ankangoigwira ndi zala ziwiri n'kukuuza kuti iyi isuluka ikangoona madzi, iyi idzakuperekeza kumanda isanang'ambike. Koma za kutchire, ayi ndithu. Kwa iwo mtengo uliwonse unali mtengo basi, mbalame iliyonse inali mbalame.

Akazi awo, a Nankhoma, ndiwo anali mwana wa kuno, m'mudzi uli kuseri kwa phiri ilo. Zaka zonse za ukwati wawo ankasimbira amuna awo za nkhalango ino: mmene masamba a mombo amafiirira mvula isanagwe, mmene gwape amadumphira njira, ndi mbalame ija nduwaluwa imene ikatambasula mapiko umati yavala chitenje chatsopano.

"Tsiku lina ndidzakutengani mukadzionere nokha," ankatero a Nankhoma.

"Ndingomaliza mayunifolomu awa," ankayankha a Yotamu, mapini ali kukamwa.

Mayunifolomu akatha kunkabwera madiresi a ukwati. Madiresi akatha inkabwera Khirisimasi. Mpaka a Nankhoma anadwala, namwalira, amuna awo asanaponde muno.

Maliro atatha nyumba inakula. A Yotamu ankathira tiyi m'makapu awiri, n'kukumbukira atathira kale. Ana anali kutali ndi ntchito zawo. A mpingo ankabwera ndi mawu amodzi okhaokha, "Pepani, pepani," mpaka mawuwo anayamba kuwabaya ngati singano. Anasiya kutsegula chitseko. Akamva "Odi!" ankaimitsa makina n'kukhala duu mpaka mlendo atatopa.

Itafika nyengo yotentha, mitengo ikuphuka, anakwera basi kubwera kuno. Anafikira kwa alamu awo a Binisoni, mlongo wake wa malemu, munthu wa pakamwa posatseka, woti akhoza kucheza ndi chitsa mpaka chitsa kutopa.

"Alamu, mawa ndikulowa m'nkhalango," anatero a Yotamu.

"Eya, mwaganiza bwino! Tipitira limodzi. Ndikakusonyezani msuku umene mlongo wanga anagwamo ali mwana, ndiponso pamene..."

"Ayi, ndipita ndekha."

"Nokha? Inu amene mwathawa mbuzi yanga pofika pano?"

"Mbuzi yanu ilibe mwambo. Ndipo inu mumalankhula kwambiri. Mukathawitsa nyama zonse, ine n'kungoona michira."

A Binisoni anaseka, koma mawuwo anawalowa. Chifukwa chenicheni a Yotamu sanachitchule. Ankaopa kuti akafika malo amene akazi awo ankasewera ali mwana, misozi ingatsike munthu akuona.

Kutacha anavala suti yosoka okha, tayi ndi nsapato zopukuta bwino, poti anati akupita kwawo kwa mkazi. Pachipata apo mlonda anawafunsa ngati akufuna wowaperekeza. Anakana.

"Chabwino, bambo," anatero mlondayo. "Muzingotsata miyala yopaka utoto woyera. Ikakubwezani pano pomwe."

Analowa. Zimene anaona zinawaimitsa pakati pa njira. Masamba atsopano anali ofiira, ena ngati magazi, ena ngati dzimbiri, ena obiriwira mopepuka, ngati wina wapachika nsalu zonse za m'sitolo pa nthambi. Pansi masamba ouma ankalira tswa tswa. Nyenje zinkalira mbali zonse, ndipo penapake gogomole ankakhoma mtengo ngati mmisiri wofulumira.

Mwadzidzidzi gwape anatumphuka m'tchire, naima pa njira, makutu ali njo, akuwayang'ana.

"A Nankhoma, taonani!" anafuula a Yotamu akucheuka.

Kumbuyo kunali njira yokha. Pamene ankabweza maso, gwape anali atapita.

Anayenda pang'onopang'ono tsopano. Mbalame ina inadutsa pamwamba, mapiko ali psuu. Kodi ndi nduwaluwa ija? Mwina ndi ina chabe. Panalibe wowatsimikizira. Pa mchenga panali mapazi a nyama, ena a ziboda, ena a zikhadabo. Anawerama, nawayang'anitsitsa ngati munthu wosadziwa kuwerenga amene wagwira nyuzipepala. Dzuwa litakwera anakhala pa mwala, natulutsa sikono m'thumba. Manja anainyema pakati mwachizolowezi. Theka anadya, theka linalo anakhala nalo m'dzanja kwa nthawi yaitali, kenaka analiikira nyerere.

Njira inatsikira ku kamtsinje kouma. Kumeneko, pa chitsamba china, panayanga chomera ngati nyemba, ndipo pa icho panalendewera timakoko tokhota ngati chala, tokutidwa ndi ubweya wofewa wa mtundu wa golide. Dzuwa likawomba, ubweyawo unkanyezimira.

Inu mukuseka apo mwadziwa kale. Dzina lakuti chitedze a Yotamu analimvapo monga aliyense, koma nkhope yake anali asanaionepo.

Anaima, manja kumbuyo, mutu atapendeketsa.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa mokweza.

Nkhalango inali zii. Patali njiwa inalira, koma inkanena zake.

"Ndati ichi n'chiyani?"

Palibe anayankha. Tsono munthu akafunsa popanda womuyankha, amadziyankha yekha, ndipo amadziyankha ndi zimene akudziwa. A Yotamu anamenya m'manja.

"Veluveti! Veluveti weniweni, womera pa mtengo! Amwenye a ku Limbe amatigulitsa modula chonsecho amangothyola kutchire!"

Mtima wawo unafewa. Anaganiza kuti mwina ichi ndicho chimene a Nankhoma ankafuna kuti adzaone, mphatso yoyenera telala. Anaona kale m'maganizo kolala ya diresi ya mwana wawo wamkazi itakongoletsedwa ndi golide wa kwawo kwa mayi ake.

Anathyola kamodzi. Monga achitira telala aliyense ndi nsalu yabwino, anakasisita ndi zala, nakapaka pa tsaya kuti amve kufewa kwake, kenaka pa khosi pamene kolala imakhudza. Anagwedeza mutu mokhutira. Anadzaza matumba a jekete. Atadzaza anayamba a thalauza. Nawonso atadzaza anamasula mabatani awiri a malaya, nathira m'chifuwa.

Atangoyenda pang'ono, zala zinayamba kuyabwa.

"Udzudzu wa kumudzi," anang'ung'udza, nakanda khosi ndi zala zomwezo.

Khosi linayaka. Thukuta linayamba kutsika, ndipo iwo anasolola mpango m'thumba la jekete, mmene munali timakoko tija, napukuta nkhope yonse, m'makutu ndi kunkhongo komwe.

Ana inu, mudaonapo munthu akuvina popanda ng'oma? A Yotamu analumpha ngati aponda makala. Tayi inauluka. Jekete inagwa uko, malaya uko. Thalauza anavula akudumpha ndi mwendo umodzi, nagwa chagada m'masamba. Anatsala ndi kabudula wamkati, masokosi ndi nsapato zopukuta zija. Anathamangira ku mtsinje kufuna madzi, napeza mchenga wokhawokha. Anagubuduzika mumchengamo ngati bulu. Anadzuka, nakhuza msana pa mtengo ngati ng'ombe. Koma pakati pa mapewa panali malo amene dzanja silifika, mtengo sufika, ndipo pamenepo mpamene moto unasonkhana.

"Thandizeni!" anakuwa.

Phiri linawabwezera mawu awo: "...zeni!"

Amene anamva kukuwako anali anyani. Anatsika m'mitengo banja lonse, nakhala pa miyala m'mizere ngati anthu m'tchalitchi, akuonerera. Nyani wamkulu, mwini gulu, anayenda monyada mpaka pa jekete, naitola, nainunkhiza, napisa dzanja m'thumba poyesa muli chakudya. Anatulutsa kakoko, nakayang'ana, nakaluma.

Posakhalitsa nyani uja anali kudzimenya mbama, kugudubuka ndi kulira ngati khanda. A Yotamu, ngakhale anali pa moto, anatsala pang'ono kuseka. Koma kenaka anaona nyani wamkazi akutsika pa mwala. Anamugwira mwamuna wake paphewa, namukhazika pansi, nayamba kumukanda msana, kupatula ubweya ndi zala mofatsa, kuchotsa kaubweya ka chitedze kamodzikamodzi. Nyani wamkulu anatseka maso.

A Yotamu analeka kukanda. Anaima chiimire, mchenga uli mbuu thupi lonse, akuyang'ana anyani awiri aja. Ngakhale nyani anali ndi womukanda.

Kuyabwa kutabweranso anathamanga osaona kumene akupita. Miyala yoyera anaisiya kutali. Anadutsa m'minga, anakwera chitunda, natsika, natulukira pamene amayi ena ankatola masuku.

"Amayi, chonde..."

Amayi aja atangoona munthu woyera ndi mchenga, maso ofiira, akuvina atavala kabudula wamkati, nsapato ndi masokosi okha, anataya madengu.

"Mayo! Gule watuluka popanda ng'oma!"

Anabalalika. A Yotamu anawatsata akupepesa, ndipo kuwatsatako kunangowonjezera liwiro lawo. Koma kuthawa kwa amayiwo ndiko kunawasonyeza njira, poti onse anakatulukira pachipata apo.

Pa benchi la mlonda panali patakhala a Binisoni. Anali atabwera chichokereni alamu awo m'mawa, osalowa poti anawakaniza, osabwerera poti mtima sunalole. Ataona chinthu chikutuluka m'nkhalango anaimirira, nachiyang'anitsitsa, nazindikira nsapato.

"Alamu! Suti ili kuti?"

"Ili ndi anyani."

"Nanga thupi lachita bwanji?"

"Veluveti," anatero a Yotamu akukanda m'khwapa. "Ndinatola veluveti wa golide ku mtsinje."

Mlonda anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. A Binisoni anayesa kudzigwira, koma chiseko chinawatulukira m'mphuno. Anabwereka chitenje kwa mmodzi wa amayi aja, nawafunditsa alamu awo, napita nawo kuseri kwa nyumba ya mlonda. Anatapa phulusa la pa mafuwa ndi dothi lonyowa, nayamba kuwapaka.

"Chitedze chimene chija, alamu. Mwana wa zaka zitatu kuno amachidziwa. Mukanangofunsa."

"Ndinafunsatu."

"Munafunsa?"

"Kawiri konse. Ndinati, ichi n'chiyani?"

"Munafunsa ndani?"

A Yotamu anatembenuza nkhope. Anayang'ana ku mitengo yofiira ija. Misozi imene anaibisa ku Limbe, imene anaibisa kwa a mpingo, imene anakanira nayo wowaperekeza, inatsika pamenepo, n'kumalemba mizere m'phulusa la kumaso.

A Binisoni anatapa phulusa lina. Anangokhala kumbuyo kwawo n'kupitiriza kupaka. Patapita nthawi a Yotamu anafwenthera, nati ndi mawu otsika:

"Alamu, kwezani dzanja pang'ono. Pakati pa mapewa. Eya, pomwepo."

A Binisoni anakanda.

"Mbalame ya mapiko ofiira ija ndinaiona," anatero a Yotamu. "Koma sindikudziwa ngati inali iyo."

"Inali ndi kachisoti kumutu?"

"Sindinaone bwino."

"Basi tikaionanso mawa. Koma ndikalankhula njira yonse, mudziwiretu."

"Mukalankhule," anatero a Yotamu. "Nyama zikathawa, zithawe."

Amayi a masuku aja anali atabwerera mwakachetechete, akusuzumira pa ngodya ya nyumba, ndipo anamva zonse. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira midzi yonse ya kuseri kwa phiri. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma atatha kuseka aliyense anayang'ana mnzake amene anakhala naye pafupi. Kuyambira tsiku limenelo, wina akanyamuka ulendo n'kukana womuperekeza, kapena akadzitsekera m'nyumba namati safuna munthu, akuluakulu amangopukusa mutu n'kunena kuti:

"Ichi n'chiyani, n'kulinga muli awiri."