Nsomba Imene Ndinagawa Isanagwidwe

Chichitikireni nkhaniyi ku South Bend sindinapondeko, ndipo foni ikalira ndimayamba ndafunsa kuti akuimba ndani.

Ine ndimakhala kwa mwana wanga wamkazi ku Lawrence, mu Indianapolis muno. Ndinabwera kudzalera adzukulu, adzukuluwo anakula, ine n'kutsala ngati mpando wapakona. Kwathu mlendo sankachoka pakhomo panga chimanjamanja, kaya dzungu, kaya kankhuku, ankanyamula ndithu. Kuno ndilibe munda, ndilibe khola. Zonse n'zolandira: jekete, mankhwala, ngakhale ulendo wa kutchalitchi. Amayi a ku South Bend, kumene timakasonkhana ndi Amalawi anzathu, amanditumizira mpiru ndi nkhwani za m'timadimba tawo, ine zikomo, zikomo, mpaka liwulo linayamba kundiwawa m'kamwa.

Ndiye tsiku lina ndili kukhitchini ndinamva apongozi anga, bambo a Tadala, akupangana ndi anzawo pabalaza. Akuti apite ku Florida, akachite hayala boti lonse ndi kaputeni wake, akawedze shaki. Wina akuti tibuke msanga malo asanathe, wina akufunsa za mapilisi oletsa kusanza. Ndinasuzumira pa TV pomwe ankaonetsana. Amayi inu! Chinsomba chachitali kuposa chitseko, mano ngati sowo. Mumtima ndinati, Mulungu wandikumbukira, nanenso ndipatseko anthu.

Tsono mukudziwa mwambo wathu, mpongozi sumupanikiza ndi mafunso ngati mnzako wa kuchigayo. Ine ndi bambo a Tadala timapatsana moni maso ali pansi, basi. (Ana amati n'zachikale, koma ndi mmene anandilerera.) Mwana wanga naye ndi nesi, akaweruka amangofikira kugona. Choncho sindinafunse munthu. Ndipo ndikanafunsa chiyani? Wopita kukawedza amabwera ndi nsomba, nsomba ikakula imagawidwa. Zimenezo n'zofunanso sukulu?

Lamulungu lotsatira tili ku South Bend, mapemphero atatha, ndinaitana amayi onse pambali.

"Mwezi wamawa musavutike ndi ndiwo," ndinatero, chifuwa chili patsogolo. "Apongozi anga akukagwira shaki."

"Shaki imadyedwa, agogo?" anafunsa anaBanda.

"Chilichonse cha m'madzi chimamvera tomato ndi anyezi, mwanawe."

Ndinayamba kugawa pomwepo. AnaBanda chapamimba, amayi abusa chapamsana, ana asukulu osakwatira kumchira. Mayi Gondwe, amene amanditumizira ndiwo zamasamba kuposa onse, anapempha mutu, akuti amuna awo amakonda kukukuta. Ndinawapatsa wonse. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyimba m'galimoto.

Kenako ndinapempha mwana wanga andiperekeze kumashopu a ku Lafayette Road. Ndinagula chithumba cha mchere ndi timapepala tokulungira. Anandiyang'ana, koma anali wotopa, sanafunse. Chotsatira chinali fuliji yaikulu ya m'galaja. Munali nkhuku zolimba zija timazipeza movutikira, ndi nyama yambuzi yosungira Khirisimasi. Ndinayamba kuphika mmawa ndi madzulo kuti malo apezeke. Adzukulu ankangoona ngati agogo asangalala. (Mbuzi ija ndimailirabe.)

Loweruka lina azibambo aja atakumananso kuti amalize za ulendo, kunja kunaima galimoto. Anali Mayi Gondwe, pochokera kwa mwana wawo ku Speedway, kufupi ndi kuno. Analowa atanyamula chibokosi chosungiramo zozizira, chachikulu choti mwana n'kugonamo.

"Bambo a Tadala, ndati ndisiyiretu chotengera. Mutu ndi wanga, agogo anandilonjeza."

"Mutu wa chiyani, mayi?"

"Wa shaki. Ena onse anauzidwa kale mbali zawo."

Apongozi anga anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirireni mwana wanga.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "shakiyo sitibwera nayo. Boti limene tachita hayalali lamulo lake n'lakuti tikaikoka timajambula chithunzi, kenako kaputeni amaimasula n'kuibweza m'madzi."

"Kuibweza?" Mwambo ndinauiwala. "Ulendo wonsewo, kusanza konseko, ndiye mukukatani? Kukaipatsa moni?"

Mnzawo wina anaseka mpaka kutsamwa ndi Fanta. Bola iyeyo. Chimene chinandilasa ndi Mayi Gondwe, amene sanaseke n'komwe. Anangonyamula chibokosi chawo, n'kundigwira paphewa.

"Musadandaule agogo, ndife anthu amodzi. Bwerani mutenge mpiru wanu m'galimotomu."

Ndinapita. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinati zikomo.

Azibambo anapitadi ku Florida, anabwerako atawonda, ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino: madzi, dzanja la munthu, ndi kanthu kotuwa kakuthawa. Achipachika pabalaza. Ine ndimachidutsa ngati ndikudutsa pamanda.

Mwana wanga akuti ndiphunzirepo, ndizifunsa kaye amuna ake ndisanalonjeze anthu. Ndinavomera. Koma kufunsa mpongozi n'kovuta, inu. Dzana ndili kukhitchini ndinamva apongozi anga akupangana ndi anzawo zokasaka agwape kukayamba kuzizira. Ulendo uno ndachenjera, sindinalengeze kutchalitchi. Ndangotumiza mawu kwa Mayi Gondwe okha, mwendo umodzi basi.