Tonse Tafanana, Kupatula Impso za Amuna Anga

Kwa Olemekezeka Nduna Yoona za Kufanana kwa Anthu Onse,

Bwana, ndagwada. Musaganize kuti ndikunama poti simukundiona: mawondo ali pansi, pepala ndaliika pa makina osokera. Ine ndine telala wa chipinda cha pamwamba penipeni m'nyumba yosanja ija yopanda penti, mkazi wapabanja, mayi wa ana awiri, ndipo kuyambira mwezi watha ndine wofanana ndi inu. Ndikatchula mawu amenewa ndimaseka ndekha mpaka singano kundibaya.

Munalengeza pa wailesi kuti thandizo lonse lakale latha. Za makuponi zatha, za mizere zatha, maofesi a anthu ovutika atsekedwa. M'malo mwake aliyense, wolemera ndi wosauka, azilandira ndalama yofanana pa foni mwezi ndi mwezi. Tsiku limene mafoni analira, nyumba yonse inagwedezeka. Tinavina m'masitepe, ngakhale apongozi anga amene amati mawondo anawathera kalekale. Ndiye ndati ndithokoze mwadongosolo, ngati munthu wopita kusukulu.

Choyamba, zikomo potichotsera Mayi Tsegulani. Awa ndi mayi a ku ofesi yanu amene ankabwera kudzayeza umphawi wathu, ndipo dzinali tinawapatsa chifukwa moni wawo unali wakuti "tsegulani kabati." Akapeza wailesi, ndiwe wolemera. Akapeza ayironi, ukudya bwino, dzina lako alifufute. Tsono tikangomva kuti atulukira pa kona, katundu ankayamba ulendo. Furiji yathu inkatsikira kwa bambo okonza mipope a pansi pathu. Mayiwo akamatsika kukayeza a mipope, furiji ikukweranso, sofa ya a mipopewo ili pambuyo. Tsiku lina anakumana ndi furijiyo pakati pa masitepe, amuna anayi thukuta lili kamukamu, ndipo mlonda wathu, nkhope ili gwa, anati, "Si yathu iyi, mayi, yangosochera."

Lero furiji ili pamalo pake, ikulira poyera mopanda mantha. Mulibe kanthu, koma ndi yathu.

Chachiwiri, zikomo pokumbukira eni nyumba. Bambo amenewa ankasalidwa zomvetsa chisoni: nyumba mbwee, koma ku boma osalandirako olo kakuponi. Foni itawalirira anakondwa kwambiri moti anakwera okha masitepe onse, ndi mimba yawo ija, kudzatiuza kuti poti tonse tsopano ndife a ndalama, lendi yakwera. Wa golosale naye anakondwa chimodzimodzi. Chimwemwe chanu chikufala ngati chimfine, bwana, aliyense wogulitsa kanthu chamugwira.

Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo apa ndikupukuta misozi, kaya ndi ya kuseka kaya ndi ya chiyani. Amuna anga anali owotcherera zitsulo, mpaka impso zawo zinanyanyala ntchito. Sabata iliyonse amayenera kupita kangapo kuchipatala chachikulu kukawalumikiza ku makina otsuka magazi, apo ayi thupi limadzaza madzi. Kale inkabwera galimoto yoyera ya ofesi yanu, ndi amuna awiri a machira amene ankawatsitsa m'masitepe n'kudzawabwezanso. Zinali zochititsa manyazi, ndikuvomereza. Munthu mmodzi kumutumizira galimoto, anzake akuyenda wapansi. Tsankho lenileni, ndipo inu mwalithetsa. Galimoto ija yaima kuseri kwa ofesi, matayala aphwa, pa chitseko pali loko ndi chikwangwani chonena kuti thandizo lonse tsopano lili m'foni mwathu.

Ndinayang'anamo m'fonimo, bwana. Ndinaigwedeza, ndinachotsa ndi batire lomwe. Machira mulibe.

Takisi inameza ndalama yanga ndi ya amuna anga mwezi usanafike pakati. Ndiye tatulukira njira yamakono. Gulu lija la furiji, poti luso lili nalo kale, limawakhazika pa mpando wa pabalaza, aliyense n'kugwira mwendo wake, n'kutsika nawo pang'onopang'ono. Pansi timawasamutsira mu wilibala ya a mipope, ine pambali ndi ambulera ngati pa ukwati. Ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu amatiimbira m'manja, amuna anga n'kumabayibitsa ngati inuyo nthawi ya kampeni. Tikafika pa geti la chipatala amandiuza kuti, "Amayi a ana, mukawauze a Nduna kuti maenje a mumsewu ndikuwadziwa onse ndi msana, akafuna lipoti asavutike kutuma anthu."

Sabata yatha sitinapite. Mlonda msana wamugwira, ndipo mpando wa miyendo inayi sutsika ndi anthu atatu pa masitepe athu, tinayesa, tinatsala pang'ono kuwagwetsa. Mapazi a amuna anga atupa moti masilipasi ndachita kuwadula. Thalauza ndawasokera lina lalikulu. Akugona chokhala, chifukwa akagona chagada mpweya ukuwathawa. Nthabwala akunenabe, koma akumapumira pakati. Ndikuchita mantha, bwana, ndipo ndanena.

Musamve ngati ndikudandaula ayi. Walira mvula walira matope, ndipo kufananaku tinkakulirira tokha. Munati ndalama imeneyi ikupatsa munthu ufulu wosankha yekha chimene akufuna, ndipo simunaname: ife mwezi uno tikusankha pakati pa lendi ndi magazi. Makolo athu anapita osaulawa ufulu woterewu.

Pempho langa ndi laling'ono ngati batani. Galimoto zanu sindikuzipempha, ndikudziwa kuti ina ndi ya madamu, ina ndi ya ana kusukulu, zinazo ntchito yake ndi kuperekeza zinzake. Ndikupempha inuyo, mnzathu wolandira naye ndalama yofanana. Lachinayi m'mawa bwerani mudzagwire mwendo wa mpando umene amagwira mlonda, wa kumbuyo chakumanzere. Jekete mudzavule, nsapato zikhale zosaterera, ndipo pokhota paja mudzaweramitse mutu, pali paipi. Chikadzang'ambika chilichonse ndidzakusokerani ulere.

Mukatanganidwa Lachinayi lino, mtima usakupwetekeni, ntchito yonyamulayi sithawa. Kungoti mukadzabwera mochedwa tidzafuna anthu asanu ndi mmodzi, ndipo wonyamulidwayo sadzathanso kukuthokozani.

Ine wanu wogwada, wofanana nanu ndendende,
Telala wa pamwamba