Nkhalamba ya Mbale Ziwiri

Lolemba

Ndapeza nzeru! Sabata ino ndipeza anzanga.

Chinditumizireni kudzaphunzitsa kuno ku Senga Bay, anthu amangoti "Mwaswera, aphunzitsi" n'kupitirira. Ndikaweruka ndimacheza ndi buluzi wa pakhoma. Nayenso masiku ena sabwera.

Lero pochokera kusukulu ndikudutsa pa vidiyo ya a Jailosi, chinyumba cha bango chija cha pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa. Mkati mwadzaza, anthu akukuwa. Ndikusuzumira pa mpata wa bango. Zidole! Zidole za pa kanema, za ku Japan! Amuna a ndevu zawo akuombera m'manja zidole!

Ndiye kuti nthawi yonseyi anthu anga anali pompano.

Inenso ndili nayo tepi yanga pansi pa sutikesi. Anandisiyira a Sato, mnzanga wa ku Japan amene tinkaphunzitsa limodzi ku Dedza. Ana ankawatchula a Nsato, iwo n'kumangowerama mwaulemu. Filimu yake ndi ya nkhalamba yokhala yokha m'mbali mwa nyanja. Tsiku ndi tsiku imaphika, n'kuika mbale ziwiri patebulo, n'kumayang'ana kumadzi. Tinaonera limodzi kamodzi kokha. Nkhalamba itangoimirira kuti yaona boti patali, magetsi thi! Sabata yotsatira a Sato anabwerera kwawo. Ine deki yoonetsera tepi ndilibe, ndiye mathero ake sindiwadziwa mpaka lero.

Zofunika kuchita:
- kupempha a Jailosi tsiku la Loweruka
- kuitana anthu
- kugula kapu yachiwiri, poti tikatha kuonera wina adzafuna kubwera kudzakambirana pa tiyi

Lachiwiri

Kapu ndagula. Ya maluwa.

A Jailosi akuitembenuza tepi yanga, akuinunkhiza ngati chambo cha dzulo. Mafunso awo: "Ekita ndi uti?" Ndikuti mulibe ekita weniweni, muli nkhalamba. "Imapha angati?" Ndikuti sipha. "Ndiye amaipha iyoyo?" Ndikuti sindikudziwa, sindinamalize. Kenako akuti Loweruka masana palibe vuto, bola ndi ya ku Japan, anthu awo akangomva Japan amabwera okha.

Akundikakamiza kukhala kuti ndione yawo. Ndakhala.

Mayo ine, mutu wanga! Kamnyamata ka tsitsi longa chinanazi kaima pathanthwe, kakukuwa. Mdani wake nayenso akukuwa. Akukuwirana mpaka miyala kuyamba kuuluka. Kenako phiri likusweka pakati, kamnyamata kakudzuka m'fumbi, kakupukuta pakamwa. Nyumba yonse: "Ekita safa! Ekita safa!"

Nkhani yake ndi yotani? Ndikufunsa bambo amene ndayandikana naye, msodzi wamkulu thupi amene anzake akumutchula a Mandevu. Akuti: "Nkhani ndi imeneyo, aphunzitsi. Akumenyana."

Anthuwa sanaoneko zabwino, n'chifukwa chake. Wokulira pa chikanda sadziwa nyama. Loweruka ndiwatsegula m'maso.

Lachitatu

Tsiku loitana anthu. Zotsatira zake:

Ahedi: "Zidole? Pa msinkhu wanu, aphunzitsi? Malipoti a ana mwatha?"

Mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 4: ali ndi maliro ku Khombedza. Ndikufunsa kuti amwalira ndani. Akuti sanamwalire, koma pofika Loweruka zikhoza kutheka.

Mkulu wa mpingo: akufunsa ngati mulibe za mizimu. Ndikuti muli nkhalamba yoikira mbale munthu amene palibe. Akuti: "Eya, ndi zomwezo."

Amayi a Nachisale, eni nyumba imene ndimachita lendi: "Mwana wanga, vuto lanu si kanema. Kwatirani."

Madzulo ndikudutsa pa vidiyo. Pa bolodi la panja a Jailosi alemba ndi choko, choko cha kusukulu kwathu ndithu, ndikuchidziwa:

LOWERUKA!! JAPAN!! NKHALAMBA YOOPSA YA PANYANJA!!

Ndikuti a Jailosi, nkhalambayi si yoopsa, imangotsuka mpunga. Akuti amva. Akufufuta ndi chigongono. Nditafika pa mtengo wa mango ndikucheuka, alembanso momwemo, ndipo awonjezera pansi: SAYANKHULA, AMANGOCHITA.

Limenelo mwina ndi loona.

Lachinayi

Tepi yachita chuku! Ndikuyang'ana pa kawindo kake, mkati mwayera ngati mkate woiwalika. Chinyontho cha kunyanja kuno chimalowa ndi m'sutikesi momwe.

Masana onse: sipiriti, mpango woyera, pensulo yozunguzira. Pang'onopang'ono, kupukuta, kuzunguza, kupukuta. Ndikuyankhula nayo tepiyo. Ndikuyankhula ndi a Sato. Anandilembera kalata kamodzi atafika kwawo, ine n'kuyankha kawiri, basi zinathera pomwepo. Mwina anasamuka. Mwina adiresi ndinailakwitsa. Ndawasowa kwabasi, bambo aja amene tinkatha kukhala pakhonde ola lathunthu osanena kanthu, koma n'kunyamuka titacheza.

Mwera wayamba. Nyanja yakwiya, mchenga ukulowa mpaka mumphika. Amayi a Nachisale akuti ukapitirira chonchi maboti opita ku chilumba cha Mbenji sanyamuka, asodzi onse akhala kumtunda mpaka ulekeze.

Ndiye kuti Loweruka mudzadzaza! Mulungu alipo.

Lachisanu

Nkhalamba yanga yatchuka ndisanaionetse. Zimene ndamva pamsika m'mawa uno:
- imapha anthu ndi nkhafi
- inapha makumi anayi tsiku limodzi
- ndi agogo ake a kamnyamata ka tsitsi la chinanazi, ndiwo anakaphunzitsa kukuwa

Ndikuyesa kukonza. Palibe akumva. Wina akuti: "Musatiululire, aphunzitsi, tikadzionere tokha."

Koma tamverani izi. Ndikudutsa pa bawo pansi pa mkuyu, munthu akukuwa: "A Japan! Bwerani kuno a Japan!" Ndine! Ndapatsidwa dzina! Andisendezera benchi. Wina wandigawira chinangwa chootcha. Chibwerereni kuno, aka n'koyamba kuitaniridwa pa benchi imene pali kale anthu.

Ndikanayenera kunena zoona pomwepo, kuti m'filimu monsemo mpeni umangodula masamba. Ndatsegula pakamwa, ndalowetsamo chinangwa.

Malaya ndasita. Kapu ya maluwa ndatsuka kawiri, shuga ndagula.

Loweruka

Walira mvula walira matope.

Mwadzaza mpaka pakhomo. Fungo la usipa, thukuta ndi dizilo wa jenereta. Ine kutsogolo, malaya ositasita. A Jailosi akulowetsa tepi. Yagwira! Nyanja ija, kanyumba kaja, kanyimbo kaja. Misozi ikulengeza.

Nkhalamba ikutsuka mpunga. Onse zii.

Ikutsukabe.

Ikutenga mpeni. Kumbuyo: "Ayamba! Ayamba tsopano!" Ikudula masamba.

Ikuika mbale ziwiri. "Inayo muli poizoni, muona!" Ikudya yake. Inayo ikuzizira. Ikuitsuka.

Mvula ikugwa padenga la kanyumba. Ikugwabe. Apa m'pamene ine ndimakonda, pamene dontho limatsetsereka pa tsamba. Wina akufunsa ngati deki yaima.

Nkhalamba ikusoka ukonde. Apa pokha nyumba yadzuka. "Mfundo yanji imeneyo?" "Ameneyo nsomba sanagwirepo!" "N'chifukwa chake akudya masamba!"

Kenako funso lija: "Kodi ekita ali kuti?" Likuyenda benchi ndi benchi. Ndikuimirira, ndikuti abale anga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Yankho kuchokera kumdima: "Nkhono tili nazo kunyanja, a Japan, sitilowera m'vidiyo!"

Wina: "Tivote! Ino ndi demokalase, zokakamizana zinatha!" Nyumba yonse yavomera. Masiku ano ngakhale mpira ukatuluka anthu akufuna kuvota.

Ofuna kamnyamata kokuwa: manja ngati chimanga m'munda. Ena awiriawiri.

Ofuna nkhalamba: dzanja langa. Ndi lina kumbuyo, la a Mandevu. Mtima wanga phaa! Anzawo akuwaseka. Iwo akuti amagwira nsichi ya denga, mwera ungaligwetse.

Pa sikirini nkhalamba ikuimirira. Yaona boti patali. Pomwe paja! Ndikukuwa kuti dikirani pang'ono chabe, chonde! A Jailosi adina kale batani, tepi yatuluka.

Ndatuluka phiri lisanasweke. Tepi ndaiiwala komweko. Pa bawo palibe wandiitana.

Lamulungu

Mwera waleka. Nyanja yagona ngati sinalakwe.

Nditabwerako kutchalitchi, a Jailosi ali pakhomo ndi tepi m'manja, ndi kajumbo. Akuti m'mawa posesa anaiikanso, kufuna kuona ngati ndewu ili kumapeto. Anaithamangitsa mpaka kutha. Ndewu mulibe. Pobweza, deki inatafuna. Adula potafunikapo, alumikiza ndi utoto wa zikhadabo wa akazi awo. Filimu tsopano ikuthera pamene nkhalamba ikuimirira. Mathero ali m'kajumbomo, opotanapotana ngati matumbo a nkhuku.

Ndikufunsa kuti zinatha bwanji. "Amadya." Yekha, kapena ndi munthu? "Aphunzitsi, zinali kuthamanga. Ine ndimafuna ndewu, sindimawerenga anthu."

Sindinakalipe. Mphamvu yake ndiitenge kuti?

Masana, odi pakhomo. A Mandevu, chikwama paphewa, chipewa m'manja. Akuyang'ana pansi. "Denga lija silimagwa, aphunzitsi. Dzanja ndinakwezadi." Akuti mayi awo, chimirireni mng'ono wa a Mandevuwo panyanja, amapakulabe mbale yake. A Mandevu amangofuna kudziwa ngati amene nkhalamba inkadikira anafika.

Ndawaonetsa kajumbo. Akuyang'ana, akugwedeza mutu. "Komabe mfundo zake zija n'zolakwika."

Ndikuti khalani, tiyi sachedwa. Ndikuthamanga, ndikukoleza mbaula, makala anyowa, ndikupemerera ndi mbale. Ndathira makapu awiri, ya maluwa yawo. Kugombe injini yalira, wina akuwaitana dzina. Boti la ku Mbenji. Akuti adzabwera mvula ikadzayamba, pamene chilumba amachitseka. Apita akuthamanga, chikwama chikumenya msana.

Ndaima pakhomo mpaka boti lasanduka kadontho. Tepi ndabwezera pansi pa sutikesi, kajumbo pambali pake.

Patebulo makapu awiri. Buluzi sanabwere. Ndamwa wanga, kenako wawo, wozizira. Shuga sataya.