Nkhondo ya Mphika wa Mami Yeabu

M'chaka chimene mphepo ya fumbi inaphimba mapiri a Freetown, m'masiku amene timu yathu inali ndi mpira wa kriketi umodzi wokha, kunabuka nkhondo imene ine Pa Sahr, woimbira masewerowo, ndinaiona ndi maso angawa.

Lamrana Thoronka, Mphenzi ya ku Kissy, Wogwetsa Timitengo, anali atatulutsa omenya mpira anayi powagwetsera timitengo timene amateteza ndi thabwa, ndipo Pa Luke, wosankha osewera a timu ya dziko, anali atalumbira kuti akatulutsa wachisanu amutenga. Chiyambire m'mawa Lamrana ankapukuta mpirawo pa thalauza lake, mbali imodzi yokha, poti ukatero mpira umakhota m'malere. Koma Eustace, Njati ya adani athu, anaumenya, nuuluka, nudumpha mpanda, nugwera mumphika wa chigwada wa Mami Yeabu, Mfumukazi ya Kumunsi kwa Bwalo, amene chibadwire sanabwezepo mpira wa munthu.

Ankhondo makumi awiri ndi awiri a matimu onse awiri, ovala zoyera, anandanda pachipata.

"Mayi wathu," anafuula Lamrana, "tsogolo langa lili mumphikamo!"

"Ndiye lamwaza ndiwo za ana anga tsogolo lakolo," anatero Mami Yeabu. "Madoda athunthu, kuvala ngati anamwino n'kumathamangitsa kampira! Mtondo uwo, chigwada icho. Sinjani."

Anasinja. Eustace, monga mwini mlandu, anasinja mitondo itatu mpaka manja anachita dzanzi. Pamenepo Mfumukazi inatulutsa mpira, ukung'anima ponseponse ndi mafuta ofiira a kanjedza.

"Ndinakumvera chisoni, mwanawe. Tsiku lonse kupukuta mbali imodzi osaimaliza! Ndakuthandiza."

Lamrana anagwira kumutu. "Pa Sahr, tisinthe mpira!"

"Ndi uti?" ndinatero. "Kaponye."

Mphenzi inathamanga, fumbi linati koboo, koma mpira woterera unapulumuka m'dzanja lake, nuyenda mwachifatse ngati mkwatibwi wolowa m'tchalitchi. Eustace anati akweze thabwa lake, manja anakana, ndipo mpira unagunda timitengo. Ndinakweza chala kusonyeza kuti wachisanu watuluka.

"Zaka makumi atatu ndikusankha," anatero Pa Luke, "kaponyedwe kochenjera chotere sindinakaonepo. Lamrana, Lolemba ubwere."

Palibe anamuwongolera.

Mtendere unapanganidwa pabwalo la Mfumukazi, magulu onse awiri atazungulira beseni la mpunga ndi chigwada chosinja okha, mathalauza atafiira ngati ochokadi kunkhondo. Ndipo poti Njati sinkathabe kukweza dzanja kufika pakamwa, Mphenzi ya ku Kissy inagwada pamaso pa onse n'kuidyetsa ndi supuni.