Ndinagwadira apongozi, kompyuta n'kumwa madzi

Anzanga, mukamva mwamuna akuuza mkazi wake kuti "izi ndi zasayansi, simungazimve," muyambiretu kumumvera chisoni. Mwamuna ameneyo ndinali ine.

Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati ndi maliro kuno ku Chimbiya. Ndinaiphunzira ndekha, kompyutanso ndinalumikiza ndekha ndi zipangizo zakale zotolatola. Vuto lake linali limodzi: ndikaipatsa vidiyo yaitali kuti ikonze, purosesa, kaubongo kake kaja, inkatentha mpaka makina onse kuzima okha. Ndiye panali vidiyo ina yosafuna masewera. Apongozi anga aamuna asanamwalire ndinawajambula atakhala pakhonde kwawo ku Kasina, akufotokoza za makolo awo, uku akuseka, uku akutsokomola. Mawu awo sanatsale kwina kulikonse. Akubanja anagwirizana kuti anthu adzaonere patsiku lomanga chiliza.

Mufunsa za khadi ya m'kamera? Ndinali nditafufuta kale n'kujambulirapo ukwati wina, chifukwa wogulitsa makhadi anakana kutsitsa mtengo, ndipo ine sindigula kwa munthu wouma mutu. Zonse zinali m'kompyutamo basi.

Mkazi wanga Teleza anati, "Bambo a Rita, ino ndi Juni. Tsegulani windo, chisanu cha Dedza n'chaulere."

Apa m'pamene ndinanena zasayansi zija.

Pafoni ndinali nditaona anthu akunja akuziziritsa purosesa ndi madzi. Nzeru yake njosavuta: kachitsulo kakopa kokhala ndi mphako kagone pa purosesa, madzi adutsemo, atenge kutentha, akazizire kwina, abwerere. Kachitsuloko anandiwotcherera a Gostino a pagaraja. Pampu ndinazula pa minibasi yakufa, ija yopopera madzi pagalasi. Paipi yakopa ya m'firiji yakale ndinaipinda ngati nkhata n'kuimiza mumtsuko wamadzi, ndipo timapaipi tapulasitiki ndinapempha kwa alimi a tomato.

A Gostino anandichenjeza. "Achimwene, tenganinso tizitsulo iti tomangira paipi, musaume manja."

Ine? Ndinanenerera mpaka bamboyo anatopa, anachotsa tizitsuloto pamtengo, ine n'kuchoka ndikudziyesa ngwazi. Mapaipiwo ndinangomanga ndi malegeni. Malegeni amagwira mbuzi panjinga kuchokera ku Chongoni mpaka pamsika, angalephere kapaipi?

Choipa kwambiri n'chakuti zinatheka. Mtsuko pansi pafupi ndi chitseko, kompyuta patebulo itavulidwa chivindikiro, mapaipi akukwawa pasimenti, kapampu kakung'ung'udza, purosesa ili ziii ngati mphuno ya galu. Ndinayambitsa vidiyo ya malemu ija n'kupinda manja.

Kenaka ndinamva "odi". Apongozi aakazi, atavala zakuda zawo, anali atakwera kabaza kuchokera ku Kasina. Amafuna aonere okha kaye, kuti asadzagwe pamaso pa anthu patsikulo. Teleza anawalowetsa. Anaima pakhomo, anayang'ana mtsuko, anayang'ana paipi yopindika ili m'madzi, mayi a m'bungwe la kutchalitchi amenewa.

"Teleza," anatero motsitsa mawu, ngati ine kulibe, "amunako ayamba kutcheza kachasu?"

Mkamwini sayankha zotere ali chiimire. Ndinatsika pampando, bondo pansi, manja pamodzi, mutu woweramitsa. Ulemu wonse umene anandiphunzitsa makolo anga. Ndipo bondo lija linatera pati? Pa paipi yobweza madzi.

Moni wa apongozi mumaudziwa, sathamangira. Ndadzuka bwanji, ana adzuka bwanji, msana wawo, chisanu chapsereza mbatata kumunda, simenti ya chiliza yafika koma mchenga ayi. Kumbuyo kwanga kapampu kanasintha nyimbo, kanayamba kulira ngati kamwana kambuzi. Ndinamva. Ndinadziwanso. Koma ndidzuke bwanji, ndiwapatse mbuyo mayi wamasiye ali pakati pofotokoza za manda a amuna awo? Ndinangoti, "Inde amayi. Zoona amayi." Kenaka tsiiii, timadontho tozizira pakhosi panga. Legeni linali litagonja pa purosesa penipeni.

"Bambo a Rita, mwagwadira paipi!" anakuwa Teleza.

Ndinadumpha, phazi n'kukola waya, kompyuta n'kupendekeka kuti madzi afike bwino paliponse pomwe anali asanafike. Phu! Kautsi, fungo la pulasitiki yopserera, sikirini bii. Isanazime, nkhope ya malemu inali pomwepo, pakamwa atayasama kuti ayambe kulankhula, ndipo apongozi anaiona kamphindi kamodzi kokha.

Kapampu kokha, kokhulupirika, kanapitiriza kuthirira mtembo wa kompyuta.

Hadi disiki, yosunga zonse za m'kompyuta, ndinapita nayo ku Lilongwe. Katswiri wake anaitembenuza, anainunkhiza, n'kundibwezera ndi manja awiri ngati akupepesa maliro. Tsiku limenelo sindinanenerere mtengo, koyamba m'moyo wanga.

Patsiku la chiliza anthu anabwera ndi mipando yawo kudzaonera kanema. Ine ndinasankha ntchito yotunga madzi osakanizira simenti, kuti ndizikhala kutali. Aliyense wondidutsa ankati, "A injiniya, madzi ndiye mumawadziwatu!" Zinandiwawa, koma osati ngati kuona apongozi atakhala pamphasa, akuyang'ana khoma loyera lomwe tinakonza kuti tionetserepo.

Madzulo ndinapita kukapepesa. Ndinayang'ana kaye pansi ndisanagwade. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Bambo a Rita, ndinakuganizirani zoipa tsiku lija, mundikhululukire. Koma akanakhala kachasu, bwenzi omanga chilizawa atamwako."

Kompyuta yatsopano ili pawindo, windo lili pululu, ine ndimagwira ntchito nditavala jekete ndi chipewa, mano akugundana. Madzi ayandikire makina anga? Ngakhale tiyi ndimakamwera panja. Ndipo apongozi akati odi, ndimathamanga kukawagwadira pabwalo, pomwe palibe chimene bondo langa lingaphe.