Mwana Mmodzi, Omutcha Dzina Atatu

Anzanga, vuto langa ine ndi pakamwa. Ndikasangalala ndimafuna kugawa zinthu, ndiye poti munthu wosamalira maluwa m'mayadi a ku Noordhoek kuno ku Cape Town alibe zambiri zoti n'kugawa, ndimagawa malonjezo. Chaka chatha ndinagawa dzina la mwana wanga kwa anthu atatu, aliyense osadziwa za mnzake.

Zinayamba bwinobwino. Mkazi wanga Enelesi atangoima, ndinaimbira foni amayi anga kumudzi ku Kasungu. Kwathu mwana woyamba amamutcha dzina ndi akuchimuna, ndiye panalibenso zokambirana. "Amayi, yambani kuganiza dzina," ndinatero. Amayi analulutira mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Enelesi anali pomwepo ndipo anavomereza. Nkhani ikanathera pamenepa, bwenzi lero ndilibe chokuuzani.

Koma pali azakhali ake a Enelesi, a Nachisale, amene amakhala ku Maitland. Ndi amene anatilandira titangofika mu Cape Town ndi chikwama chimodzi, tinagona pabalaza pawo miyezi inayi osatiwerengera buledi. Mimba itakula, Enelesi miyendo itatupa, azakhaliwo ankakwera sitima ndi minibasi kubwera kwathu ku Masiphumelele kudzachapa ndi kuphika. Tsiku lina ndikuwaperekeza pa siteji ndinawaona akuyenda motsimphina, mphepo ya kuno ija ikuwakankha, chisoni chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula pokha: "Azakhali, ife tilibe chokubwezerani. Mwana ameneyu mudzamutcha ndinu." Iwo anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kukwera minibasi. Za amayi ndinazikumbukira minibasiyo itakhota kale. Mukanakhala inu, mukanaithamangira?

Ndinadziuza kuti ndikonza, nthawi ilipo. Nthawi yake sinapezeke. Lachiwiri lina masana, ine ndili pamakwerero kudula mpanda wa maluwa, matenda anamuyamba Enelesi. Amene anamuthamangitsira kuchipatala ndi mnzanga Yusufu wa ku Mangochi, woyendetsa galimoto ya hayala. Ine ndinafika mwana atabadwa kale, wamkazi, tsitsi lili bii, ndipo nditatuluka panja ndinapeza Yusufu akudikirabe atatsamira galimoto yake. Ndinamukumbatira misozi ili mbwee. Zimene ndinanena mwazidziwa kale.

"Zoona achimwene?" anandifunsa Yusufu. "Ine Msilamu nditche mwana wa Mkhristu? Abale anu sadandaula?"

Mukuona? Munthu ananditsegulira yekha khomo lothawira. Ine ndinalitseka ndi manja anga. "Adandaule ndani? Inu ndinu m'bale wanga, shapu."

Tsono kutcha mwana dzina kwathu si masewera. Wotchayo amagula mphatso, amauza abale ake, ndipo mwanayo amakhala ngati wake moyo wonse. Kumulanda mwayi umenewo utamupatsa kale n'chimodzimodzi kumuvula pagulu. Ndinkadziwa kuti ndikalakwitsa apa, amayi asiya kuyankha foni zanga, ku Maitland sitidzapondako, ndipo Enelesi adzayenda chozolika pamaso pa abale ake chifukwa cha ine. Mantha anandigwira zenizeni.

Ndinayesa kuulula. Ndinaimbira amayi, ndisanatsegule pakamwa anandiuza kuti atumiza kale shawelo pa basi, ndiponso amayi onse a kutchalitchi akudziwa kuti mdzukulu wa ku Joni atcha ndi iwo. Ndinangofunsa za mvula. Ndinapita ku Maitland, ndinapeza bafa latsopano la mwana lili pampando, lomangidwa riboni. Ndinamwa tiyi n'kutsanzika. Yusufu ndiye ankangondiimbira hutala akandiona pamsewu, akumwetulira mano onse panja.

Apa m'pamene ndinapeza nzeru imene panthawiyo ndinkaiona ngati yapamwamba. Mchombo utagwa, tinagwirizana zotulutsa mwana Loweruka. Amayi ndinawauza kuti aimbe pa vidiyo naini koloko m'mawa, azakhali afike thwelofu, Yusufu abwere fili koloko. Aliyense atche dzina lake payekha, adye, azipita, mwana akhale ndi maina atatu, ndani anamangidwapo chifukwa cha maina ambiri? Enelesi ndinati ndimuuza m'mawa wa tsiku lomwelo, poti mkazi amene akuyembekeza alendo alibe nthawi yokalipa.

Loweruka m'mawa ndinayamba: "Mayi a mwana, pali kankhani." Iye osandiyang'ana n'komwe anati, "Tikambirana alendo akapita. Pitani mukagule gasi." Naini koloko inakwana, foni zii. Teni, zii. Ndinaimba ine, foni ya amayi yozima. Thwelofu koloko azakhali anafika ndi bafa lawo pamutu. Asanakhale n'komwe pansi ndinamva hutala panja. Yusufu analowa ndi bulangete ndi phukusi la matewera, akuti fili koloko ali ndi ulendo wa ku eyapoti ndiye waona kuti angofulumira. Ndikuganiza chonena, foni inalira. Enelesi anaiyankha n'kuitsamiritsa pa chitini cha shuga, nkhope ya amayi ili pomwepo, duku latsopano kumutu.

Ndinaitola msangamsanga. "Halo? Amayi? Eish, netiweki yavuta, simukumveka, tiimbanso madzulo."

"Akumveka bwinobwino," anatero Enelesi. "Ngakhale tambala wawo akumveka. Ibwezeni pomwe inali."

Ndinaibweza. Ndinati mwina ndituluke ndikaone ngati ndatseka mpopi panja, koma azakhali anali atakokera mpando wawo pakhomo penipeni. Nyumba yathu ndi ya chipinda chimodzi, zenera lake ngakhale mphaka amaganiza kawiri.

Azakhali anakonza kukhosi. "Bambo a mwana, tonse tafika. Tiuzeni, atche ndani?"

Anzanga, ndinagwada. Bambo wa ndevu zake, pa simenti, pakati pa bafa ndi matewera. Ndinaulula zonse kuyambira pa siteji mpaka pachipatala, mpaka ndondomeko yanga ya maola ija. Ndinati olakwa ndine ndekha, Enelesi sakudziwa kanthu, ngati pali wokwiyira akwiyire ine koma mwanayu asamutaye.

Kenako m'foni muja munamveka kakuseka. Amayi anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Yusufu anatembenukira kukhoma. Azakhali ndiye anaphulika mpaka kugwira m'nthiti.

"Inu," anatero Enelesi, "mumaganiza kuti munthu angapatsidwe mwana woti atche, osamuuza mayi wake wa mwanayo? Azakhali anandiimbira tsiku lomwe lija asanatsike n'komwe minibasi. Akazi awo a Yusufu anabwera kuchipatala kudzathokoza."

Zinapezeka kuti anthuwa anali ndi gulu lawo pa foni, la anthu anayi, ine ndekha ndiye ndinali kunja. Foni ya amayi sinathe moto, anachita kuizimitsa. Ulendo wa ku eyapoti kunalibe. Sabata yonse ine ndikuonda, iwo ankauzana kuti lero wabwera, wamwa tiyi, walephera kunena.

"Tinafuna tione ngati ungaulule ndi pakamwa pako pomwepo," anatero amayi. "Ukanapitiriza zonama, ine ndinali nditakonza dzina loti Mabodza."

"Ine ndinati Tinenenji," anatero azakhali.

"Ine ndinakupemphererani, achimwene," anatero Yusufu. "Mtsikana wokongola chonchi asavutike chifukwa cha bambo ake."

Ndiye azakhali ananyamula mwana, Yusufu anamufunditsa bulangete, amayi anasendera pafupi ndi foni mpaka tinkangoona mphuno, n'kunena kuti dzina limene atatuwo agwirizana ndi Takhululuka. Sindikubisirani, mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu, ndipo ndinalira kuposa mwanayo. Nkhuku ya tsiku limenelo ndinadya ngati ndachokera kundende.

Panopa ndinalumbira. Munthu akandichitira zabwino ndimamugulira chakumwa, ndimagwira pakamwa ndi dzanja, n'kuchokapo msanga. Dzina la mwana wachiwiri, ngati Mulungu atipatse, ndidzalimva tsiku lomwelo pamodzi ndi alendo. Koma chilango changa sichinathe, chifukwa mwezi uliwonse ku sikelo nesi akaitana kuti "Takhululuka!" anthu onse ali phee pabenchi, ine ndimapezeka ndaimirira kale, chipewa m'manja, ndikuti, "Zikomo kwambiri."