Nkhondo Yolimbirana a Vitalis

Khalani chete, inu okama ng'ombe a ku Palabana, ndi inu othirira repu a ku Kanakantapa, ndi inunso a ku Silverest amene mwamanga mipanda yaitali kuposa nyumba zanu, pakuti ndifuna kusimba za masiku aja oopsa, chaka chimene magetsi ankabwera ngati mlendo wongodutsa, chimene chimanga chinapsa chili chiimire m'minda, chimene dziko lonse la Chongwe linagwedezeka chifukwa cha amuna awiri a imvi zawo ndi tizidole tamatabwa. Ine ndine Agatha, ndimasunga makiyi a holo ya parishi, ndipo ndinaona zonse ndi maso angawa. Ndisimba kamodzi kokha. Ndili ndi zochita.

Chesi amasewera m'holo mwathu Lamlungu lililonse, Misa yachiwiri ikatha. Wosewera aliyense ali ndi nambala yake, imene eni ake amaitcha retingi. Ukapambana imakwera, ukagonja imatsika. Koma ululu wake uli apa: ukagonjetsa munthu wapansi kwambiri amakuponyera kanyenyeswa chabe, pamene iyeyo akakugonjetsa amakudula nthuli yaikulu. Chaka chimenecho a bungwe la chesi ku Lusaka analengeza kuti pa mpikisano wa akatswiri, Chongwe yapatsidwa mpando umodzi. Umodzi basi. Wokhalapo adzakhala amene nambala yake ili pamwamba, malinga ngati wasewera masewera okwanira lisanadutse Lamlungu loyamba la Adiventi.

Pamwamba penipeni panali a Stanislaus, Chipupa cha ku Palabana, Mbusa wa Asilikali, Iwo Amene Ng'ombe Zimawapatsa Mkaka Zisanapemphedwe, amene anakwera pamwambapo kalekale nkukoka makwerero. Chikwerereni anali asanasewerenso. Ankabwera pa njinga, nkukhala pa mpando wa pazenera atafungatira nambala yawo ngati thadzi pa mazira, nkumalangiza anzawo. Suti yopitira ku Lusaka inali itapachikidwa kale kuseri kwa chitseko, mu pulasitiki, ikudikira tsiku lake.

Kenaka kuchokera kumadzulo, m'fumbi la maploti atsopano, kunatulukira a Rodgers, Mphezi ya ku Silverest, Mthyolamzere wa pa msewu wa Great East, Chala Chosapuma, wantchito wa boma amene anaphunzira chesi pa foni ali pa mzere wa magalimoto olowa m'tauni. Anagwetsa akatekisiti, anagwetsa a kwaya, anagwetsa ngakhale abambo mfumu opanda kupepesa, mpaka nambala yawo inafika pomapumira m'khosi mwa a Stanislaus.

Panalinso Towela, mphunzitsi wa sayansi, amene ankasewera ndi aliyense wokhala patsogolo pake, lero kupambana, mawa kugonja, nkumangoseka. Nambala yake inali yachitatu. Ngwazi ziwirizo sizinkamuwerengera.

Ine ndinaona kuti nkhaniyi ndi yaifupi. Ndinati, "Nanga simusewera chabe awiri imwe, tiziwe mwamuna ni ndani, tikiye holo?"

A Stanislaus anaimirira, dzanja pachifuwa. "Ba Agatha! Chibadwire changa sininathawepo munthu wovala tayi! Koma bondo langa likali kuvuta."

"Chesi musewera na bondo?"

"Bondo likawawa, mutu umvera."

A Rodgers nawo anaimirira, makiyi a galimoto akulira m'manja. "Amama, ine nikonzeka usana na usiku, mvula na dzuwa! Koma lero mutu wanga uli mu bajeti ya ku ofesi."

Zoona zake nzakuti onse awiri ankaopana. Koma lamulo linkafuna masewera, ndiye aliyense anayamba kusaka munthu woti amugonjetse mosavuta, ndipo maso onse anayi anagwera pa munthu mmodzi.

Haa, a Vitalis! Mlimi wa tomato wa ku Kanakantapa, Wogonja Wosatopa, Msangalatsi wa Adani, amene mfumu yawo inafa kambirimbiri kuposa nkhuku za m'chaka cha chitopa! Ankakonda chesi ndi mtima wonse, koma chesi sinkawakonda. Ankagonja akumwetulira, nkuthokoza, nkuthandiza kulongedza. Munthu ameneyu, amene kale ankasowa womupatsa moni, anadzuka tsiku lina ali chuma cha dziko.

Nkhondo inayamba ndi mkaka. A Stanislaus anatumiza chigubu cha mabisi, mkaka wowawasa uja, ndi uthenga wakuti Lamlungu asewere nawo. A Rodgers atamva, anayendetsa galimoto yawo yoyera pa msewu wa fumbi wa ku Kanakantapa, nkunyamula a Vitalis pamodzi ndi mabokosi awo a tomato mpaka ku msika. Chipupa chinayankha ndi wilibala ya ndowe zothira m'dimba. Mphezi inabwezera ndi chipewa cholembedwa dzina la msonkhano wina wa boma. A Vitalis ananenepa, masaya nkuyamba kuwala. Lamlungu lililonse ankagonja kwa uyu kapena kwa uyo, ndipo tinyenyeswa tinkagwera ngwazi zathu mofanana, kotero kuti palibe amene anamusiya mnzake patali.

Pamenepo nzeru imodzi inalowa m'mitu iwiri, uliwonse ukuyesa kuti ndi yakeyake. Ngati kugonjetsa a Vitalis sikukweza munthu, kugonjetsedwa ndi a Vitalis kungamugwetse mdani mpaka pansi. Ndikudziwa zimenezi chifukwa a Vitalis sasunga chinsinsi. Anandiuza okha ndikugula tomato wawo, nkundipempha kuti ndisauze munthu.

A Stanislaus ankawaitanira kuseri kwa khola, bolodi ili pa chitini cha mkaka. "Mverani, ba Vitalis, mwana wakwathu. Uja wa ku Silverest anaphunzirira pa foni, pamene chala chiyendayenda popanda mlandu. Koma pa bolodi lamulo ni limodzi: chamene wagwira, uyendetsa chamene icho. Imwe sewerani monga ng'ombe yobzikula. Ganizani, yasamulani, muganizenso. Azatopa, azagwira chosafunika kugwira."

A Rodgers ankawaphunzitsira m'galimoto, magalasi atatseka. "Ba Vitalis, tamverani. Mdala uja aona asilikali ake monga ana a ng'ombe. Sangalole olo kamodzi kasowe. Imwe opsezani kamsilikali kamodzi kumbali uku. Azathamangitsa gulu lonse kukakateteza, mfumu izatsala yeka monga mlonda wa pa ploti. Ndiye mungene na uku."

Motero Wogonja Wosatopa anakhala ndi aphunzitsi awiri opambana m'boma lonse, aulere, wina womumwetsa mkaka, wina womuperekeza kunyumba.

Linafika tsono Lamlungu loyamba la Adiventi, mitambo itaunjikana kumpoto ngati nayo yabwera kudzaonerera, ndipo ngwazi iliyonse inali itatsala ndi sewero limodzi kuti ikwanitse lamulo. Ndikutsegula holo ndinapeza a Vitalis ali pakati pa khomo, dzanja lamanja lili kwa a Stanislaus, lamanzere kwa a Rodgers, akukokedwa ngati mbuzi ya pa mlandu.

"Siyani munthu wanga!" inabangula Mphezi. "Ine namuchotsa mu minibasi ya bantu makumi awiri na nkhuku zawo, namukhazika pa mpando wa kutsogolo, namumanga lamba na manja anga!"

"Munthu wanu?" chinagunda Chipupa. "Yang'anani masaya aya! Ni petulo yanu yawatupitsa? Tomato wake yense aimirira pa ndowe za ng'ombe zanga! Imwe munabwera mailo, dzulodzuloli, na mawaya yanu ya pa mpanda!"

"Mailo, koma nakupezani mukali pamene munakhalira!"

"Ba neba, nizang'ambika," anatero a Vitalis. "Shati ni ya Misa iyi."

Ndinawamenya pa manja ndi mtolo wa makiyi. "Masana ni yaitali. Azasewera na onse awiri. Ba Rodgers, yambani imwe, pakuti mukhala ofulumira nthawi zonse." Palibe anatsutsa. Aliyense ankafuna kuonerera msampha wake ukugwira mnzake.

Ndani angasimbe kuchedwa kwa sewero loyambalo? A Rodgers ankayendetsa ngati akudutsa mathiraki pa Great East, nkumenya wotchi ya masewera mpaka tebulo kunjenjemera. A Vitalis ankabzikula. Anaganiza, anayasamula, anakanda m'khutu, anayang'ana kudenga kumene kuli chisa cha mavu, nkuganizanso. Mwendo wa a Rodgers unayamba kuvina pansi pa tebulo. Chala Chosapuma chinayamba kuuluka pamwamba pa bolodi ngati kabawi pamwamba pa anapiye, ndipo nthawi yawo yoyendetsa itafika, chinatera pamutu pa mfumukazi. Pomwepo maso awo anaona kavalo wa a Vitalis atabisala. Anabweza dzanja ngati agwira mbaula.

"Mwagwira!" anafuula a Stanislaus kuchokera pazenera, ngakhale woonerera saloledwa kuyankhula. "Agwira! Holo yonse yaona! Angelo aona!"

"Nenze kuikonza chabe, yenze yapendama."

"Munakamba kuti mukonza?" anafunsa Towela.

Anali asananene, chonsecho lamulo limafuna kuti unene usanagwire. Mfumukazi inayenera kuyenda, ndipo kulikonse kumene ikanapita kunali manda. Inafa. Posakhalitsa a Rodgers anagoneka mfumu yawo chagada povomereza kugonja, nkutuluka kukayang'ana matayala a galimoto. A Stanislaus anavina kuzungulira tebulo, ndipo tonse tinaona kuti bondo lachira.

Towela anawagwira pamkono. "Ba Stani, bwerani musewere na ine. Nambala yanga ili pafupi na yanu. Olo mugonje, simugwa patali."

"Mwana wanga," anatero iwo akukoka mpando, "suti yanga yayembekeza zaka. Siningaiike pa ngozi. Ba Vitalis, khalani pansi."

Anakhala. A Rodgers anabwerera mwakachetechete nkuima kumbuyo, manja m'thumba. Sewero linayenda bwino mpaka pamene a Vitalis analoza nsanja yawo pa kamsilikali kamodzi ka m'mphepete, kosauka, kopanda ntchito, kamene munthu wanzeru akanangokatsanzika. Koma Mbusa wa Asilikali anamva kulira kwa mwana wa ng'ombe. Anatumiza kavalo. Anatumiza bishopu. Anatumiza nsanja zonse ziwiri, ndipo potsiriza mfumukazi yeniyeni inanyamula chitenje nkuthamangira komweko, mpaka khamu lonse la Palabana linazinga kamsilikali kamodzi, kotetezeka kuposa banki, pamene mfumu inatsala yokha pakona ikuyang'ana uku ndi uku.

A Vitalis ananyamula mfumukazi yawo nkuiika pafupi ndi mfumuyo.

"Cheki," anatero. Anayang'anitsitsa. "Ba Towela, tabwerani. Iyi si ija yamene amanichita ine?"

"Ni yamene iyo. Chekimeti."

Kenaka a Vitalis, munthu wolera bwino, anaimirira nkuvula chipewa cha msonkhano chija. "Nifuna kuthokoza aphunzitsi anga. Ba Stanislaus, zija za kubzikula zasebenza. Ba Rodgers, zija za mlonda wa pa ploti, ndiye zasebenza maningi. Mulungu akudalitseni onse awiri."

Chipupa chinatembenuka nkuyang'ana Mphezi. Mphezi inayang'ana chisa cha mavu.

Manambala atabwera pa foni kuchokera ku Lusaka, ngwazi zonse ziwiri zinali zitadulidwa nthuli zazikulu, ndipo pamwamba panali Towela, amene chaka chonse sanathawe munthu. Mpando wa Chongwe unali wake.

Lamlungu lotsatira awiriwo anafika m'mamawa, aliyense payekha, kudzafuna a Vitalis kuti abweze zimene anataya. Anawapeza atakhala pa mpando uja wa pazenera, miyendo atapingasa.

"Awe," anatero a Vitalis. "Nambala yanga yakwera. Niisunga."

"Sewero limodzi chabe, mwana wakwathu. Mabisi yali panja."

"Nizakuperekezani mpaka pakhomo," anawonjezera a Rodgers.

"Nakana."

Apo ndi pamene mtendere unabadwira, pakuti palibe chogwirizanitsa adani ngati kukanidwa ndi munthu mmodzi. Pangano linachitikira pa bokosi la chesi. A Stanislaus anapereka mfumu yoyera, a Rodgers anapereka yakuda, nkulumbira kuti sadzaphunzitsanso munthu wa ku Kanakantapa kanthu kalikonse mpaka imfa. Anamwera mabisi m'kapu imodzi, ndevu zonse ziwiri nkuyera. Amayi a kwaya atamva phokoso anayesa kuli chinkhoswe, analowa ndi nthungululu ndi ng'oma, ndipo poti anali atayamba kale sanafune kuleka. Anagwirizananso kuti tsiku la mpikisano a Rodgers adzayendetsa Towela ku Lusaka, ndipo a Stanislaus adzamunyamulira chikwama ndi botolo la madzi. Suti ija inapitadi ku Lusaka. Inaima pakhomo tsiku lonse, ndipo alendo awiri anaifunsa njira ya ku chimbudzi.

Koma tsiku la panganolo, ng'oma zitaleka, panalibenso wina wosewera naye. Ngwazi ziwirizo zinayang'anana, zinapuma mozama, nkukhala pansi, uyu mbali iyi, uyo mbali iyo, monga ndinawauzira poyamba paja. Ndinawasiyira makiyi nkuwauza kuti akamaliza abweze mipando.

Ndikutuluka ndinamva Towela akunyengerera. "Ba Vitalis, bwerani, olo na ine chabe. Munithandize kukonzekera."

A Vitalis anapukusa mutu, nkusisita mwendo pang'onopang'ono.

"Nikanakonda, ba tichala. Koma bondo."